Nambala Teni ya Mwanamvua

Ku Joni, 3 Novembala 1985

Okondedwa akazi anga Abiti Lajabu,

Asalamu aleikum. Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Lungwena pamodzi ndi ana. Ine kuno ndili bwino, alihamudulila, kungoti fumbi la mumgodi limandikhosomoletsa m'mawa, koma ndani sakhosomola kuno.

Denga la khitchini mufolere mvula isanayambe. Bwato lija musabwereketse munthu, ngakhale alamu anga Che Dinala. Chaka chatha analibweza lili ndi bowo, iwo n'kumati ndi mvuu.

Tsopano nkhani imene yandipsetsa mtima. Mwalemba kuti aphunzitsi a Sitandade 8, a Gilford aja, ana awachulukira m'kalasi moti kope la Chizungu la mwana wathu Mwanamvua limatha mwezi osaona inki yofiira. Zimenezo ndingamve. Koma zoti anaima pamsonkhano wa makolo n'kunena kuti atsikana a kunyanja sasankhidwa kupita ku sekondale, amangotenthetsa benchi podikira ukwati, asa! Anabadwira kunyanja iwo kuti atidziwe?

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, bambo atandichotsa poopa kuti amishoni andibatiza n'kundidyetsa nkhumba. Mpaka lero zimandiwawa. Koma Chizungu chimene ndinatola pamenepo sichinawole. Ndagula pensulo yofiira kusitolo ya pakompaundi. M'chipinda chathu mulinso Ambrose, munthu wa ku Mulanje, amene anali mphunzitsi asanabwere kuno ndipo tsopano ndi kalaliki. Ali ndi buku la galamala lopanda chikuto, ndipo pamene pandivuta timatsegula. Ngati a Gilford sachonga, ndichonga ine.

Iwe Mwanamvua, popeza ndiwe ukuwerengera amayi ako kalatayi, tamvera. Pepala la ziganizo khumi limene unalowetsa mu envulopu ndachonga. Wakhoza zinayi zokha. Usalire, tagwira.

Nambala 3 walemba kuti My uncle spends the day in the lake. Mwana iwe, ukufuna kumiza amalume ako? Ukati in ndiye kuti ali m'kati mwa madzi, akucheza ndi chambo. Munthu wa pabwato ali on the lake. Timawu timeneti, in, on, at, n'tating'ono ngati usipa, koma ndi timene timagwetsa ana pamayeso.

Nambala teni walemba kuti My father write with his right hand, kutanthauza kuti bambo ako amalemba ndi dzanja lamanja. N'zoona, koma wandimana s. Munthu akakhala mmodzi, chinthucho n'kukhala choti amachita masiku onse, mawuwo amavala s kumchira: My father writes. S ameneyo ndi wanga, usandilande.

Uzitumiza ziganizo khumi m'kalata iliyonse.

Ndine mwamuna wanu,
Sumani


Ku Joni, 12 Januwale 1986

Abiti Lajabu,

Asalamu aleikum. Ndamva kuti mvula yagwa bwino ndipo chimanga chafika m'mawondo. Ine ndili bwino. Sabata yatha tinaika mnzathu wa ku Mozambique, koma zimenezo ndidzakamba pakamwa.

Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, kachitatu ndinaiponya pabedi. Eti Che Dinala anabwera kudzakhala pakhonde panga, kumwa tiyi wanga, n'kunena kuti Che Iddi, mwini maboti awiri a injini uja, akufuna Mwanamvua akhale mkazi wake wachiwiri? Mwana wa zaka khumi ndi zisanu! Che Iddi ameneyo ndinapita naye kujando chaka chimodzi. Mano ake akutsogolo anayamba kugwa Mwanamvua asanamere ake.

Ndikudziwa zimene achimwene anuwo amanena ine kulibe. Amati pamudzi pa akazi mkamwini ndi tambala chabe, mwini mbumba ndi iwo, ndipo mwana ndi wa malume. Chabwino, mwambo ndikuudziwa, sindinabadwire ku Ulaya. Amatinso sekondale ndi ya anthu a fizi, ndipo wa ku Joni lero alipo, mawa palibe. Muwauze mawu awa monga ndawalembera, osachotsapo kanthu powaopa: dzanja langa lamanjali, limene limagwira makina obowolera mwala, ndilo lidzalipira fizi ya Mwanamvua kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Adikire mayeso a mu Julaye. Akapanda kusankhidwa tidzakhala pansi n'kukambirana. Asanalembe, aliyense wobwera ndi nsalu kapena sopo wa chitomero mumubweze nazo pamutu.

Mwanamvua, ulendo uno wakhoza zisanu ndi chimodzi. Ukukwera. In ndi on wawagwira, koma tsopano akukuzunguza ndi since ndi for. Walemba kuti My father has worked there since two years. Ayi. Ukatchula tsiku kapena chaka chimene chinthu chinayamba, ndi since: since 1984. Ukawerenga kutalika kwa nthawi, ndi for: for two years. Ambrose akuti ndikuuze kuti zilembo zako n'zokongola. Ine ndamuuza kuti zilembo zokongola sizikhoza mayeso.

Nambala 8 yandiseketsa mpaka anzanga anandifunsa. Walemba kuti pochoka panyumba unauza amayi ako I am coming. Kwathu timatero, timati "ndikubwera" kwinaku tikupita. Mzungu akamati akubwera ndiye kuti akubweradi. Ukamachoka uziti I am going.

S wanga ndamuona pa nambala teni. Zikomo pondibwezera.

Sumani


Ku Joni, 9 Malichi 1986

Akazi anga,

Asalamu aleikum. Pepani za malungo a mwana wathu Tatu. Mupite naye kuchipatala, osati kwa asing'anga a Che Dinala aja. Ine ndili bwino. Atisamutsira kunsi kwenikweni, kumene kumatentha moti nsapato zimadzaza thukuta. Mwala wa kumeneko umalankhula, umati the-the pamwamba pa mutu. Tinawauza akapitawo, iwo anati tipitirize. Basi, tikupitiriza.

Kalata yanu inafika itatsegulidwa n'kumatidwanso ndi guluu wina. Mwati zanganso zimafika choncho. Palibe kanthu. Inu bambo amene mumatsegula makalata a anthu, moni. Mwina mukuona Chizungu n'kumaganiza kuti ndi mawu obisika. Ndi galamala chabe, bwana. Ngati munavutika pa since ndi for, yankho lili m'kalata ya Januwale, munaiwerenga kale.

Khadi za chipani za chaka chino mugule zonse, ya Mwanamvua yomwe, kuti anyamata a payufi asapeze chifukwa chomubwezera panjira ya kusukulu. Za magule mwanenazo, kuti atsikana akumawatulutsa m'kalasi masana kukayeserera kuvina, sindinena zambiri pano. Avine, miyendo ndi yake. Koma akabwerako asambe, atenge kope.

Mwanamvua, zisanu ndi ziwiri. Pepala ili linali la matensi, ndipo ndaona kuti dzulo ukulidziwa koma mawa likukuvuta. Walemba kuti Next year I go to secondary school. Waiwala will. Chinthu chikakhala cha m'tsogolo, will atsogole: I will go. Ulilembe kakhumi, ndipo ulinene mokweza amalume ako akamadutsa.

Ukudziwa chifukwa chake ndimalimbikira matensi? Kuno kumgodi timalankhula Chifanakalo. Akapitawo akamatilankhula m'chinenero chimenecho simumva dzulo, simumva mawa. N'kulamula kokhakokha: bwera, nyamula, fulumira, tseka pakamwa. Zaka ziwiri ndakhala ndikuyankha chilankhulo chimenecho. Iwe sindifuna udzakhale munthu wongoyankha, kaya kumgodi kaya kukhitchini kwa Che Iddi.

A Gilford ati aona pepala langa n'kufunsa kuti akukuchongera ndani. Uwauze kuti ndi munthu wa kunyanja.

Bambo ako, ndiponso mwamuna wa amayi ako,
Sumani


Ku Joni, 25 Meyi 1986

Abiti Lajabu,

Asalamu aleikum, ndipo Mulungu alandire kufunga kwanu m'mwezi uno wa Ramadani. Makalata anu awiri ndalandira. Musadandaule kuti ndinakhala chete. Sindinakwatire Mzulu ayi, monga akunenera akazi a Che Dinala pachitsime. Amene ali ndi nthawi yonena zimenezo akakonze maukonde a amuna awo.

Muona kuti zilembo zasintha. Akundilembera ndi Ambrose. Ndinadzipweteka pang'ono kuntchito, anandimanga bandeji, ndipo adokotala akuti ndisagwire bolopeni masiku ano. Si nkhani yoti mukaiuze mudzi. Ndikunenetsa, Abiti Lajabu: isatuluke m'nyumba. Achimwene anu akafunsa, muziti ali bwino ndipo akugwira ntchito. Inunso Mwanamvua ndi Tatu, pakamwa potseka. Kufunga chaka chino sindinathe chifukwa cha mankhwala, ndidzabweza masiku ake.

Chimanga mwakololacho musagulitse ngakhale thumba limodzi. Mbuzi yaikazi ija isaphedwe pa Idi, iphedwe yamphongo.

Mwanamvua, mapepala ako awiri ndachonga ndekha, Ambrose sanakhudze pensulo yanga. Zochonga zapindika chifukwa bedi la kuno n'lofewa, palibe pokhazika pepala. Loyamba wakhoza zisanu ndi zitatu, lachiwirinso chimodzimodzi. Will wamugwira. Chatsala n'kusiyanitsa to ndi from. Kwathu timangoti "ku": akupita ku Joni, akuchokera ku Joni. Mzungu ali ndi mawu awiri, wopita ndi to, wobwerako ndi from. Iwe walemba kuti My father will come to Joni in December. Mwana iwe, ku Joni ndili kale! Ukufuna ndipitenso kawiri? Lemba from.

Ukafuna kufunsa kuti n'chifukwa chiyani envulopu iyi ikununkha mankhwala a kuchipatala, funso limenelo silili pamayeso. Samala za mayeso.

Sumani


Ku Joni, 22 Juni 1986

Akazi anga,

Asalamu aleikum. Ndili bwino. Kuno kukuzizira moti madzi a pampopi amaluma. Sindinabwerere pansi, andipatsa kaye ntchito ya pamwamba, yosesa pabwalo. Musafunse zambiri, ndi kusinthana chabe.

Kwatsala masabata atatu. Kuyambira lero Mwanamvua asapite kunyanja kukayanika usipa, asapite kuchigayo, asatumidwe kwa amalume ake ngakhale kukapempha moto. Tatu wakula, agwire iye. Tsiku la mayeso adye kaye asananyamuke, ndipo mumupatse mapensulo awiri.

Tsopano iwe Mwanamvua. Ziganizo zisanu ndi zinayi zoyamba wakhoza zonse, ndipo Ambrose anaomba m'manja. Koma nambala teni, n'chiyani chimenechi? Walemba kuti My father wrote with his right hand. Wrote! Unaiwala kuti wrote ndi za kale, zimene zinachitika n'kutha? Ndinakuphunzitsa mu Novembala kuti ndi writes, unakhoza miyezi yonseyi, lero ukubwerera m'mbuyo ngati nkhanu. Ndathetha ndi mtanda waukulu. Ambrose akuti chiganizocho chilibe vuto m'galamala. Ndamuuza kuti buku ndi lake koma mwana ndi wanga, ndipo dzanja likunenedwalo ndi langa. Walakwa. Konza, utumizenso.

Ndipo usamandiyese ndi timafunso ta m'mbali ngati wapolisi. Ndine bambo ako.

M'chipinda cha mayeso usathamange. Werenga chiganizo chonse kaye, ufunse kuti zimenezi zachitika liti: dzulo, lero, kapena mawa? Ukapeza yesterday kapena last year, usaike will. Ukapeza since, yang'ana has kapena have. Mtima ukagunda, nena Bisimila, upume, uyambe ndi zimene ukuzidziwa. Anyamata a aphunzitsi ndi a apolisi amene akhale nawe pabenchi alibe mitu iwiri.

Ukalembe ngati mwana wa Sumani. Inshaala.

Bambo ako


Ku Joni, 10 Ogasiti 1986

Abiti Lajabu,

Asalamu aleikum. Za moyo ndilibe mawu ambiri lero, ndili moyo.

Ndiye Willard wa ku Nkhudzi uja, amene tinali naye kumgodi kuno, wafika kumudzi ndi pakamwa pake. Ndinamupatsa bulangete kuti akupatseni, sindinamupatse nkhani. Munthu kutsika basi pa Mangochi, asanaone ndi ana ake omwe, n'kuyamba kulalikira pamsika za thupi la mnzake! Ambrose akukana kulemba mawu amene ndamutchula Willard pano, akuti iye Ambrose ndi Mkhristu. Chabwino, inu mukuwadziwa.

Ndipo Che Dinala, atangomva, anathamanga. Mwati alandira nsalu ziwiri ndi sopo kwa Che Iddi, ndipo akuti ndowa, ukwati wa Chisilamu uja, imangidwe mwezi wa Okutobala chifukwa "bambo ake atha, fizi ichokera kuti." Atha ndani? Anandiika m'manda ndi iwo? Tinapangana kuti tidikire zotsatira za mayeso, ndipo zotsatira sizinatuluke. Munthu wamkulu, wovala mkanjo Lachisanu, kuswa pangano chifukwa cha sopo!

Abiti Lajabu, ndikudziwa kuti ndi achimwene anu, ndipo kuwayankha n'kovuta. Zaka zonsezi sindinakupempheni kuti mukangane ndi abale anu chifukwa cha ine. Lero ndikupempha. Nsaluzo zisalowe m'nyumba mwanga. Akazibweretsa, muziike panja pa mpanda, mbuzi zigonepo. Kwa shehe mupite nokha mukanene kuti bambo wa mwana ali moyo ndipo sanavomere. Shehe sangamange ndowa bambo atakana, zimenezo ngakhale Che Dinala akuzidziwa.

Zimene wanena Willard sindiyankha m'kalata yolemba munthu wina.

Mwanamvua, ndamva kuti pepala la Chizungu unatuluka ukumwetulira. Ndakondwa, mwana wanga, ndakondwa kwambiri. Koma ndinati ukonze nambala teni, iwe wanditumizira pepala lonse lili ndi chiganizo chimodzi chokha pakati, chomwechija, wrote yemweyo, ndipo wamudula mzere kunsi. Mutu umenewo unatengera kwa ndani? Sindinachonge. Pensulo yasowa.

Sumani


Ku Joni, 21 Seputembala 1986

Abiti Lajabu, ndi iwe Mwanamvua,

Asalamu aleikum. Muwerenge pang'onopang'ono, zilembozi zikuyenda ngati mwana wophunzira kuyenda. Kalatayi ndayamba Lachinayi, lero ndi Lamulungu. Ambrose sanaikhudze.

Mwanamvua, kalata yako inafika. I have been selected. Mawu anayi. Ndinawayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo kufuna polakwa, ndinatsegula ndi buku la Ambrose lomwe, palibe. Ndinatuluka panja n'kukuwa m'Chiyao mpaka alonda a pageti anabwera. Ndinalira, sindibisa. Wasankhidwa, mwana wa kunyanja! A Gilford ukawapatse moni wanga, mwaulemu, koma uwayang'ane m'maso.

Tsopano pensulo ndaipeza. Sinasowe, inali m'thumba.

Unali mwezi wa Epulo, pa 8, m'mawa. Mwala uja unaleka kulankhula, unagwa. Ine ndinatuluka, anzanga awiri sanatuluke. Dzanja lamanja analidula pamwamba pa chigongono. Ndinabisa chifukwa ndinadziwa chimene Che Dinala adzachite akamva, ndipo mwaona nokha kuti sindinalakwe. Koma kwa inu, Abiti Lajabu, ndinalakwa. Munayenera kumva kwa ine, osati kwa Willard pamsika. Pepani, akazi anga. Ndipo zikomo chifukwa cha nsalu zija. Tatu walemba kuti mbuzi zinagonadi.

Ntchito yatha. Ndikwera ndege ya Teba, kampani yotilemba ntchito ija, pa 2 Okutobala, ndipo pa Lungwena ndifika Loweruka, inshaala. Pasabwere anthu olira pabasi, sindine maliro. Pabwere Tatu adzanyamule sutikesi.

Che Dinala muwauze kuti andipeze pakhonde Lamulungu, abwere ndi Che Iddi ngati akufuna. Mu Januwale ndinawauza kuti dzanja langa lamanja lidzalipira fizi ya Mwanamvua kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Akumgodi andipatsa chipukuta misozi cha dzanjalo. N'chochepa, dzanja la munthu wakuda kuno n'lotchipa, koma ndafunsa kwa Ambrose ndipo chikwana zaka zinayi zonse. Sindikhudzapo ngakhale ya fodya. Ndiye akawauze anthu a pachitsime kuti Sumani sananame. Dzanja lija lalipira.

Za kudya tidzaona. Bwato lilipo, Tatu akukula, ndipo amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ine ndatsala nazo zisanu.

Mwanamvua, pepala lako lija ndalibweza muno. My father wrote with his right hand. Unakhoza mu Juni, unakhozanso mu Ogasiti. Wolakwa anali wochonga. Mtanda uja ndaufufuta, ndachonga. Khumi pa khumi.

Koma usatseke kope. Kunsi kwake ndalemba chiganizo china, ndi dzanja lomwe lalemba kalatayi. Uchiwerenge mokweza pakhonde Lamulungu, amalume ako ali pompo, kenako uwamasulire m'Chiyao kuti asadzati sanamve:

My father writes with his left hand.

Uonetsetse kumchirako. S wanga uja alipobe.

Ndine,
Sumani